Pamene Mandela Anadzudzulira De Klerk, Lero Pakulira Makina a Juga

Amene munatsikapo pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg mukudziwa kuti kuseri kwake kuli pokwerera timabasi ta mahotela. Kamodzi mwa timabasi timeneti kanalembedwa kuti Emperors Palace. Ulendo wake ndi waufupi moti mumafika musanamalize n'komwe kulonjerana ndi dalaivala. Ine ndinakakwera tsiku lina ndege yathu yobwerera ku Lilongwe itasinthidwa kuti inyamuka mawa lake, ndipo tulo titakana kubwera ndinatsika kukazungulira m'kati mwa chinyumbacho.

Denga analipaka utoto wonga thambo, mitambo yake yojambula, moti kaya ndi 10 koloko m'mawa kaya 2 koloko usiku, m'menemo nthawi ndi imodzimodzi. Penapake paima chiboliboli chachikulu cha mnyamata wosavala, chotengera chija chotchuka cha ku Florence. Kupitirira pang'ono ndiye kuli makina a juga, mizeremizere, kulira ngati nkhululu m'dzinja. Ndinaima kanthawi kuonerera mayi wina wachikulire, chikwama atachipana m'khwapa, chala chili pa batani. Kudina, kudikira, kudinanso, nkhope ili phee ngati akusankha nyemba.

Pa malo amenewa ndi pamene South Africa ya lero inaumbidwira. Kale pankatchedwa World Trade Centre, ku Kempton Park. Musasokoneze ndi nsanja ziwiri zija za ku New York. Ichi chinali chinyumba chotakata chochitiramo zionetsero za malonda ndi misonkhano, changati zomwe timaona ku Chichiri nthawi ya chionetsero cha zamalonda, kungoti chokulirapo. Palibe amene ankachiyamikira kukongola. Koma kuyambira Disembala 1991 mpaka Novembala 1993, m'menemo ndi momwe boma la azungu ndi anthu amene linkawatsekera m'ndende anakhala pansi n'kugwirizana za momwe ulamuliro wa tsankho uthere.

Ine ndikuti South Africa inalakwa kulola malowa kupita osapatulapo ngakhale chipinda chimodzi chokhala cha mtundu wonse. Za juga aliyense ali ndi maganizo ake, ndipo sindinabwere kudzalalikira. Chondiwawa n'chakuti dziko lija linasunga ndende zake ndi manda ake mosamala, koma tebulo limene linathetsa nkhondo linangolisiya m'manja mwa msika.

Kusakongola kwa chinyumbacho ndiko kunali mphamvu yake. Taganizani, adani awiriwa akanakumana kuti? Ku Union Buildings ku Pretoria kapena ku nyumba ya malamulo ku Cape Town, a ANC, chipani cha Nelson Mandela, akanakhala alendo m'nyumba ya mdani, olowa ndi chilolezo cha mlonda wake. Ku Soweto nduna za boma sizikanapondako. Holo ya lendi pafupi ndi bwalo la ndege, lomwe nthawi imeneyo linkatchedwa Jan Smuts, inalibe mwini pa ndale. Munalibe chiboliboli cha ngwazi ya wina aliyense. Nthumwi inkatha kutsika ndege kuchokera ku Durban kapena ku Umtata m'mawa, kukangana tsiku lonse, n'kubwerera madzulo.

Msonkhano woyamba, wotchedwa CODESA, unatsegulidwa pa 20 Disembala 1991 ndi magulu 19. Chipani china cha anthu akuda, Pan Africanist Congress (PAC), chinakana kubwera, chimodzimodzinso Conservative Party ya azungu osafuna kusintha. Mangosuthu Buthelezi anatumiza anthu a chipani chake cha Inkatha koma mwini wake sanabwere, pokwiya kuti mfumu ya Azulu sinapatsidwe mpando wakewake. Tsiku loyambalo F.W. de Klerk, pulezidenti wa boma la azungu, anapempha kuti alankhule pomalizira, a ANC n'kuvomera. Atatenga maikolofoni anayamba kuthira ANC mpholopolo, kuti ikusungabe gulu lake lankhondo la Umkhonto we Sizwe ndiponso ikubisa zida. Ankaganiza kuti mawu otsiriza ndi ake. Nelson Mandela, amene anali atalankhula kale, anadzuka n'kubwerera kutsogolo. Makamera a wailesi ya kanema ya boma lomwelo akuulutsa, anauza dziko kuti ngakhale mtsogoleri wa boma losavomerezeka, la anthu ochepa, ali ndi khalidwe limene ayenera kulisunga. Apa n'kuti zaka ziwiri zisanakwane chitulukireni Mandela m'ndende. Kwa anthu akuda ambiri amene ankaonera m'makomboni, kuona munthu wakuda akudzudzula pulezidenti wachizungu maso ndi maso chinali chinthu chachilendo kuposa mfundo iliyonse imene inalembedwa tsikulo. Mawa lake awiriwa anagwirana chanza, ntchito n'kupitirira.

Amene amaganiza kuti zokambiranazi zinali za tiyi ndi mabisiketi awerenge za 1992. Mu Meyi chaka chimenecho CODESA yachiwiri inagwa chifukwa cha nambala. Funso linali lakuti malamulo atsopano oyendetsera dziko adzavomerezedwe ndi mavoti angati mwa 100 alionse. ANC inkafuna magawo awiri mwa atatu, kenako inakwera kufika pa 70. National Party, chipani cholamula cha De Klerk, inaumirira 75 pa mfundo zikuluzikulu. Nambala zisanu zokha, koma m'menemo ndi momwe munagona nkhani yonse: chipani cha azungu chinkadziwa kuti chisankho chidzagonja, ndiye chinkafuna chingwe chomangira opambanawo miyendo. Patangotha mwezi, pa 17 Juni, anthu 45 anaphedwa usiku ku Boipatong, ANC n'kuloza boma chala n'kutuluka m'zokambirana. Pa 7 Seputembala asilikali a Ciskei, kamodzi mwa timaiko timene boma la tsankho linadulira anthu akuda, anawombera anthu ochita zionetsero ku Bisho n'kupha 28. Aliyense akanati basi zatha.

Koma anthu awiri sanaleke kuimbirana lamya: Cyril Ramaphosa wa ANC ndi Roelf Meyer wa boma. Pa 26 Seputembala, Mandela ndi De Klerk anabwerera m'chinyumba chomwechi n'kusainirana chikalata chotsegulanso njira. Mu Epulo 1993 zokambirana zinayambiranso, tsopano ndi magulu 26, PAC ndi Conservative Party ali momwemo, mafumunso ali momwemo, ndipo gulu lililonse linayenera kukhala ndi mayi pakati pa nthumwi zake. Pasanathe masabata awiri, pa 10 Epulo, Chris Hani, mtsogoleri wa chipani cha chikomyunisti chogwirizana ndi ANC, anawomberedwa pakhomo pake ku Boksburg, mtunda wosatalika kuchokera pa holoyo. Dziko linatsala pang'ono kuyaka. Mmalo mothawa, amene anali m'chipindacho anafulumizitsa ntchito, n'kukhazikitsa tsiku la chisankho: 27 Epulo 1994.

Tsiku limene ine ndikanakonda kuti mwana aliyense wa sukulu aliwone ndi maso ndi la 25 Juni 1993. Azungu a mtundu wa Afrikaner pafupifupi 3,000, amene makolo athu opita ku migodi ankawatcha Mabunu, anasonkhana panja pa chinyumbacho kudzakana zonse zimene zinkachitika m'katimo. Ena anabwera ndi mabanja awo ndi nyama yowotcha, ngati akupita kokasangalala. Ena anabwera ndi mfuti, atavala yunifolomu ya gulu la AWB la Eugène Terre'Blanche, chizindikiro chake chija chofanana ndi cha Hitler chili pamkono. Kenako chigalimoto cha zitsulo zokhazokha, chonga cha asilikali, chinalunjika pa khomo la magalasi n'kuliboola, khamu lonse n'kukhamukira m'kati. Nthumwi zinathawira m'maofesi n'kudzitsekera. Olowawo analemba zotukwana m'makoma, ena anakodza pa mipando, kenako anakhala pa malo a nthumwi n'kuyamba mapemphero. Apolisi, amene kwa zaka zambiri sankachedwa kuwombera ana a sukulu a ku Soweto, tsiku limenelo anangoyang'ana. Constand Viljoen, mkulu wakale wa asilikali amene ankatsogolera mgwirizano wa magulu a azungu okana kusinthawa, analephera kuwaletsa anthu ake omwe.

Magalasi anasesedwa, makoma anapakidwanso utoto, anthu n'kubwerera pa mipando yomweyo. Inkatha ndi Conservative Party zinatuluka mu Julayi, otsalawo osaima. M'mbandakucha wa pa 18 Novembala 1993 anavomereza malamulo ogwirizira oyendetsera dziko, pamodzi ndi mfundo zomanga aliyense amene adzalembe malamulo okhazikika. Ramaphosa anali atangokwanitsa zaka 41 dzulo lake. Malamulo a 1996 amene dziko lonse lapansi limawatamanda lero anamera pa muzu umenewu.

Nanga juga inalowa bwanji? Apa ndiye pali nthabwala yowawa, chifukwa kasinoyu ndi mwana wa zokambirana zomwezo. M'nthawi ya tsankho juga inali yoletsedwa mu South Africa, kupatula kubetcha pa mipikisano ya mahatchi. Makasino ankamangidwa m'timaiko tija tongopeka timene boma linkati ndi "kwawo" kwa anthu akuda. Sun City, imene Sol Kerzner anatsegula mu 1979, inali ku Bophuthatswana, ndipo azungu a ku Johannesburg ankapita kumeneko kumapeto a sabata kukachita zimene abusa awo ankaletsa kunyumba. Mtsogoleri wa kadziko kameneko, Lucas Mangope, anakhala nawo pa CODESA koma anakana kusaina chikalata cha dziko limodzi losagawanika. Mu 1994 timaikoti tinathetsedwa, makasino aja n'kupezeka ali m'kati mwa South Africa. Boma latsopano linasankha kuwaloleza ndi kuwadula msonkho. Lamulo la juga la 1996 linalola ziphaso 40 m'dziko lonse. Malo aakulu, apafupi ndi bwalo la ndege lalikulu koposa m'dzikomo, sakanatha kudutsa maso a amalonda. Mu 1998 panatsegulidwa Caesars Gauteng, imene pambuyo pake inasintha dzina kukhala Emperors Palace. Amuna amene anagwetsa ufumu wa tsankho analowedwa m'malo ndi mafumu a ku Roma a pulasitala.

Ondiyankha alipo, ndipo mayankho awo si opusa. Amati chinyumbacho sichinali cha boma, ndipo boma la 1994 linali ndi anthu mamiliyoni osowa nyumba, madzi ndi magetsi. Kodi likanagula holo ya zionetsero ndi ndalama ziti? Amatinso malowa lero akudyetsa mabanja ambiri, ophika, oyeretsa zipinda, alonda, madalaivala. Ndipo amaloza malo a mbiri amene anasungidwa: Liliesleaf ku Rivonia, kumene atsogoleri a ANC anagwidwa mu 1963, inatsekedwa mu 2021 ndalama zitatha. Bwalo la Walter Sisulu ku Kliptown, kumene chikalata cha Freedom Charter chinavomerezedwa mu 1955, linasiyidwa mpaka mbava kulizula zitsulo ndi mawaya. Bola kasino, amatero, denga lake silidontha. Eni akenso sanafafanize mbiriyo kotheratu. Anaika chionetsero cha zithunzi ndi mawu m'khonde lina, chotchedwa CODESA Walkway, ndipo pa chimenecho ayamikidwe.

Ndikuvomereza zonsezi, koma yankho langa lili ku mbali ina ya mzinda womwewo. Apartheid Museum, imene mlendo aliyense wofika ku Johannesburg amauzidwa kuti asaphonye, inatsegulidwa mu 2001 ndi ndalama za kasino. Amalonda amene ankafuna chiphaso cha juga ku Gold Reef City analonjeza kumanga nyumba yosungiramo mbiri ngati mbali ya pempho lawo, ndipo atapatsidwa chiphasocho anamangadi. Choncho njira inalipo, yosafuna ngakhale tambala wa boma. Amene anagwira mpeni wa ziphaso akanatha kunena kuti: ku Kempton Park mangani zimene mukufuna, koma chipinda chimene nthumwi zinkakhalamo chisiyeni momwe chilili, chikhale ndi khomo lakelake, lolowera mwana wa sukulu osadutsa pa makina a juga. Khonde la zithunzi ndi chifundo cha mwini malo. Chifundo chimatha mwini akasintha.

Ndiye n'chifukwa chiyani palibe anaumirira? Ine ndikuganiza kuti ndi manyazi. Ndende imakamba nkhani yosavuta: uyu wozunza, uyu wozunzidwa. Robben Island inalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1999. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linamangidwa pa ndende yakale ya Old Fort, njerwa zina za ndendeyo n'kulowa m'makoma a khotilo. Mu 2024 UNESCO inalandiranso malo 14 okhudza mbiri ya Mandela pansi pa mutu wa ufulu wa anthu, kumasulidwa ndi kuyanjananso. Sharpeville ilimo, misewu ya ku Orlando West ilimo, sukulu ya ukachenjede ya Fort Hare ilimo. Kempton Park mulibe. Mutu ukunena za kuyanjananso, koma chipinda chimene adani anayanjaniranamo palibe pa mndandanda.

Tebulo la zokambirana lilibe ngwazi yoyera. Aliyense amene anakhalapo anatulukapo atataya kanthu. National Party inalowa ikufuna mphamvu yokana chilichonse mpaka kalekale, inatuluka ili ndi mipando ya unduna ya zaka zisanu zokha. ANC inalowa ikufuna ulamuliro wa ambiri wopanda zingwe, inatuluka itavomera boma la mgwirizano, De Klerk ali wachiwiri kwa pulezidenti, ogwira ntchito m'boma la tsankho atatsimikiziridwa ntchito ndi penshoni zawo, katundu wa munthu atatetezedwa ndi lamulo, ndiponso khomo la chikhululukiro litatsegulidwa kwa amene anapha pa zifukwa za ndale. Ndipo amene anabweretsa ganizo logawana mphamvu kwa kanthawi anali Joe Slovo, mkomyunisti wa mbali ya ANC amene azungu ankamuopa kuposa wina aliyense. Zoterezi siziimbika pa msonkhano wa chipani. Palibe amene amavina nyimbo yakuti tinalolera.

Zotsatira za manyazi amenewa zikuoneka lero. Achinyamata ambiri a ku South Africa, obadwa 1994 itadutsa, amanena poyera kuti Mandela anawagulitsa. Ali ndi pogwira. Malamulo a 1913 ndi 1936 anasiyira anthu akuda, amene ndi ochuluka kutalitali, magawo 13 okha mwa 100 a nthaka, ndipo mpaka lero minda yambiri yabwino ili m'manja omwe aja. Mnyamata wa ku Tembisa, komboni yoyandikana ndi Kempton Park, amene wamaliza sukulu n'kukhala zaka zisanu osapeza ntchito, simungamuuze kuti angothokoza chifukwa amavota. Koma mlandu wa kugulitsa sungazengedwe bwino popanda kuona mtengo umene unali pa tebulo. Asilikali, apolisi ndi mfuti zonse zinali m'manja mwa mbali imodzi. Pakati pa 1990 ndi 1994 anthu pafupifupi 14,000 anafa pa ziwawa za ndale, m'masitima, m'mahositelo, m'midzi ya ku Natal. Amene ankasaina ankasaina akumva fungo la utsi. Mwina analolera zambiri, ine ndemwe ndimaganiza kuti pa nkhani ya nthaka anafewa msanga. Koma mtsutso umenewo ukanakhala wina ukanamachitikira pamaso pa khomo lija loswedwa, mnyamatayo ataona kukula kwa chigalimoto chimene chinaliboola.

Kwathu kumudzi, mtengo wa kachere umene akuluakulu amaweruzirapo milandu sudulidwa nkhuni, ngakhale pansi pake panathera maukwati ndi kulipitsana mbuzi mokwiyitsana. Anthu amadziwa kuti mawa adzaufunanso. A ku South Africa nawonso amalidziwa fanizoli, chifukwa chizindikiro cha khoti lawo lija ndi anthu atasonkhana pansi pa mtengo.

Ndipo ife Amalawi tisaseke kwambiri. Masiku 11 okha chigalimoto chija chisanaboole magalasi, pa 14 Juni 1993, ife tinali pa mizere kusankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Chisankho chathu cha pa 17 Meyi 1994 chinabwera patangotha masabata atatu chichitikireni chawo. Timakumbukira kalata ya mabishopu ya mu Malichi 1992, timakumbukira Chakufwa Chihana akumangidwa atangotsika ndege. Koma miyezi ija imene a Public Affairs Committee ankakhala moyang'anizana ndi nduna za Kamuzu, kukangana za mabokosi ovotera ndi tsiku la riferendamu, ndani amaifotokozera ana? Nafenso timakonda nkhani ya wolimba mtima mmodzi kuposa ya anthu makumi awiri otopa, okhala pa mipando yolimba mpaka usiku.

Sindikupempha kuti kasino agwetsedwe. Zimenezo ndi maloto, ndiponso mayi uja wa chikwama m'khwapa ali ndi ufulu wotaya ndalama zake kumene akufuna, ufulu umene unalembedwa pa malo omwewo. Chimene chikadatheka n'chaching'ono: nyumba imodzi pambali, yoyang'aniridwa ndi bungwe la boma loona za mbiri, yolowa ulere. M'katimo muikidwe matebulo monga momwe ankakhalira, dzina la gulu lililonse pa malo pake, kuti mwana aone kuti woimira Mangope ankakhala mikono ingati kuchokera pa Slovo. Pakhoma pazionetsedwa kanema wa madzulo a pa 20 Disembala osadula, De Klerk kenako Mandela, mlendo aziweruza yekha. Mapepala a mikangano ya 70 ndi 75 akhale poti munthu n'kuwagwira. Ndalama zake zichoke kumene zinachoka za Apartheid Museum.

M'mawa mwake, pobwerera ku bwalo la ndege, m'kabasi munali ine ndekha ndi dalaivala, mnyamata woti 1994 anali asanabadwe kapena ali kumsana. Ndinamufunsa ngati akudziwa zimene zinachitika pa malo amene amagwirapo ntchitowa. Anati akudziwa, ndi CODESA. Anakhala chete mpaka titadutsa maloboti, kenako anawonjezera kuti ndi pamene anawagulitsira. Anaseka pang'ono, n'kundifunsa kuti ndege yanga ndi ya m'dziko momwemo kapena yopita kunja.